Matumbo Amene Mayi Saumu Sanatsuke

Mukafika ku Kambuzuma n'kufunsa kumene mungapeze zam'kati za mbuzi zoti mungofikira kuika pamoto, palibe amene angakulozereni ku butchala. Akuuzani kuti mutsike kombi pa mashopu, mukhotere kumanzere, ndipo pansi pa mtengo wa mapeyala mupeza mayi wamfupi wa mpango woyera, ali ndi mabeseni atatu ndi supuni yakale yodyeka mbali imodzi. Amenewo ndiwo mayi Saumu. Supuniyo musaiderere, ndi yaikulu kuposa ana awo onse.

Mayi Saumu anabadwira ku Harare konkuno. Bambo awo anachokera ku Machinga ali mnyamata kudzagwira ntchito m'mafakitale a ku Willowvale, ndipo mayi Saumu kumudziko anangopitako kamodzi kokha, kumaliro. Ntchito ya matumbo anaiphunzira kwa mayi awo, ndipo aigwira zaka makumi atatu tsopano. Matumbo akawapeza amawatembenuza kuti zam'kati zikhale kunja, amawafinya, amawapala ndi supuni ija mpaka zoterera zonse zitachoka, amawapaka mchere, kenako amawatsukuluza katatu. Chifu chachikulu, chimene Ashona amati guru, amachiviika m'madzi otentha n'kupala chakudacho mpaka chiyere mbee. Mipopi ya ku Kambuzuma imatha mlungu wathunthu osadontha, koma zimenezo sizinawachititse kuti atsukuluze kawiri m'malo mwa katatu. Amalawirira ku mjigo, kukaima pamzere ndi zigubu, zala zitang'ambika ndi chisanu.

Kunyada ali nako, ndipo sakubisa. Munthu akayerekeza kununkhiza matumbo awo asanagule, amamulanda beseni n'kumuuza kuti akagule kwina, kumene mphuno yake ingapeze ntchito. Amuna awo, bambo Nasiri, amene anapuma ntchito yosoka mipando ya galimoto, amati anakwatira mkazi woti atapatsidwa mpata akhoza kutsuka ngakhale madzi.

Mwana wawo womaliza ndi Tasneem, mtsikana wosalankhulalankhula, wa Chishona chothamanga ndi Chichewa chotsimphina. Chaka chimene tikunenachi anali kumaliza maphunziro a zaumoyo wa ziweto pa koleji ina ya kutsidya kwa tawuni. Chotsala chinali ntchito imodzi yokha. Anafunika kutenga tizidutswa ta matumbo aang'ono a mbuzi, koyambira, pakati ndi kothera, kutikonza mpaka tikhale topyapyala pa timagalasi, n'kulemba zimene akuona pa mayikulosikopu, makina okuza tinthu tosaoneka ndi maso. Akapanda kupereka ntchitoyo mwezi wa Juni usanathe, anzake amaliza iye n'kubwereza chaka.

Tsono mwana wa mayi wa matumbo angasowe matumbo? Lachisanu lina Tasneem anabwera ndi timabotolo titatu ta madzi onunkha moyabwa m'maso, amene anati ndi fomalini, mankhwala oumitsa nyama kuti isawole.

"Mhamha, mawa mukapita kwa ozinga mbuzi, mundidulireko matumbo pang'ono, kutalika ngati chala," anatero. "Koyambira muno, pakati umu, kothera umu. Muponyemo pompo. Koma musatsuke."

"Ndisatsuke?"

"Musatsuke, mhamha. Kana kadontho ka madzi, ngakhale kamodzi."

Mayi Saumu anavomera ndi mutu, koma mumtima anaseka. Mwanayu akundimvera chisoni chifukwa cha madzi, anaganiza choncho. Ndiye mwana wanga anyamule ndowe kupita nazo kusukulu, aphunzitsi ake atsegule botolo n'kufunsa kuti amake amagwira ntchito yanji? Loweruka m'mawa anakatenga matumbo monga mwa masiku onse, anadikira mwini mbuzi asende, atumbule, agawe, kenako anabwera nawo kunyumba. Tizidutswa titatu tija anatitsuka ndi chikondi chonse cha kholo. Anatembenuza, anapala, anapaka mchere, ndipo popeza tinali topita kusukulu anatsukuluza kanayi. Atatiponya m'mabotolo tinali toyera moti iwo eni anakhutira. Tasneem anangoona zoyera zikuyandama, anaganiza kuti ndi mankhwala aziyeretsa, nathokoza.

Panapita masiku khumi. Madzulo ena dzuwa lisanalowe, Tasneem anatulukira pa geti maso ali psuu, pambuyo pake pakubwera bambo Alufandika. Bambowa ndi amene amakonza timagalasi m'labotale ya pa kolejipo, agwira ntchitoyo kuyambira Tasneem asanabadwe. Amakhala ku Kambuzuma komweko, ndi mkulu wa mpingo kutchalitchi kwawo, ndipo makolo awo anachokera ku Ntcheu, choncho akakumana ndi mayi Saumu amalankhula Chichewa chakale chija ana amachiseka. Anakhala pakhonde, anavula chipewa, anafunsa za moyo wa bambo Nasiri, anafunsa za madzi, kenako anatulutsa kagalasi m'thumba la jekete.

"Amake Tasneem," anatero, "ine ndacheka matumbo a nyama zambiri. A ng'ombe, a nkhuku, a galu, ngakhale a ng'ona ndinachekapo. Koma oyera ngati awa sindinawaonepo. Ndafufuza paliponse, mulibe kanthu. Mwangotsala chikopa chija amaikamo masoseji."

Anafotokoza pang'onopang'ono, monga munthu amene wafotokozera ana ambiri. Khoma la matumbo lili ndi magawo, anatero. Kunja kuli kachikopa kosalala, kenako minofu yokankha chakudya, kenako gawo lolimba, ndipo m'kati mwenimweni muli gawo lofewa, loterera. Loterera lija ndiye mwini nkhani. Ndi limene limayamwa chakudya kulowetsa m'magazi, ndi limenenso Tasneem anafunika kuliona n'kulilemba. Silichedwa kuwonongeka. Mbuzi ikangofa limayamba kusungunuka lokha, ndipo pakatha mphindi makumi awiri nsonga zake zimakhala zayamba kuyoyoka.

"Ndiye ndimadabwa," anapitiriza bambo Alufandika, osawayang'ana kumaso mayiwo. "Kuchedwa kokha kumasiyako zizindikiro. Awa akuoneka ngati anakumana ndi supuni."

Mayi Saumu anayang'ana supuni yawo ili m'beseni, anayang'ana mwana wawo, ndipo manyazi anawagwira amene sanawagwirepo chibadwire.

"Ndine," anatero. "Ndinatsuka. Kanayi."

"Mhamha, ndinakuuzani!" anatero Tasneem. "Ndinati kana kadontho!"

"Unandiuza, mwanangu. Ine ndinayesa ndikudziwa."

Tasneem analowa m'nyumba. Bambo Nasiri, amene anali kumvetsera ali pa mpando wawo wa pakhomo, anatsokomola pang'ono n'kunena kuti safunsa anadya phula. Mayi Saumu anawaponyera diso loti tsiku lina akanathawa nalo, koma tsikuli anangoweramitsa mutu. Chinawapweteka si mwambiwo ayi. Chinawapweteka n'chakuti manja omwewo amene anamulera mwanayo ndi amene anamutayira masiku khumi.

Tasneem anatsala ndi milungu iwiri ndi masiku pang'ono. Bambo Alufandika anawerenga ndi zala: nyama igone mu fomalini masiku awiri, ichotsedwe madzi, iumbidwe mu phula, ichekedwe, ipakidwe utoto, ndipo magetsi akamazima monga amachitira ndiye mlungu wonse wapita. Tasneem afunikanso masiku olembera. Kwa wozinga wa Loweruka uja kunali kosathandiza, chifukwa iye sangalole munthu kutumbula mbuzi yake asanaisende, ndipo akamamaliza kusenda nthawi imakhala yatha kale. Panafunika mbuzi yoti mpeni wake aulamule okha.

Mbuzi yotero inalipo, itamangidwa kuseri kwa nyumba, ikudya makoko a chimanga. Inali ya Idi ya nsembe, imene inali kudza Lolemba lotsatira.

Bambo Nasiri ndi munthu wodekha mochita kutopetsa. Iwo ndi amene amazingira anansi ambiri pa Idi, ndipo amasenda ngati akusoka mpando wa bwana, chikopa chituluke chopanda kabowo ngakhale kamodzi. Atamva zoti atumbule asanasende anapukusa mutu.

"Nsembe si ya sukulu," anatero. "Ndiponso chinyama sachikhudza ndi mpeni chisanazizire mtima. Chiyambe chatambalala, chisiye kuphupha. Zimenezo sindisintha, olo abwere mphunzitsi wamkulu."

"Palibe wakuuzani kuti musinthe zimenezo," anayankha mayi Saumu. "Ikangoti zii, mundibowolere pamimba poti dzanja langa lilowe. Kenako sendani mpaka mawa ngati mukufuna."

"Nanga ndowe zikatayikira pa nyama? Gawo la osauka tikawapatsa lonunkha?"

"Munandionapo ine nditataya ndowe pa nyama?"

Bambo Nasiri anaganiza, anakumbukira zaka zonse za ukwati wawo, ndipo sanapeze tsiku lotero. Anakafunsabe kwa shehe wa pamzikiti, amene anati kachidutswa kotalika ngati chala sikachepetsa nsembe ya munthu, makamaka ngati n'kothandiza ana kuphunzira kuchiza ziweto.

Lolemba kunacha ndi chisanu cha Juni chija chimaluma makutu. Atabwera koswali, anthu anadzaza pabwalo la kuseri ali m'zovala zatsopano. Amayi a pafupi anabwera ndi mabeseni, chifukwa pa Idi zam'kati zonse za mumsewuwo zimatsukidwa pansi pa diso la mayi Saumu. Anabweranso mayi Mazvita a nyumba yoyandikana, Mshona wa pakamwa posatseka, amene si Msilamu koma Idi samaiphonya. Tasneem anaika timabotolo take patali ndi nyama, pa njerwa, popeza fomalini ndi poizoni. Anavala magolovesi, anagwira lumo latsopano, foni ili pambali kuti aziona nthawi.

Bambo Nasiri anagoneka mbuzi kuyang'anitsa ku kibula, mbali imene Asilamu amayang'ana poswali, anatchula dzina la Mulungu, nazinga. Kenako anaima, manja kumbuyo, kudikira. Mbuziyo inaphupha, inaleka, inaphuphanso. Tasneem anali kuyang'ana foni, kuyang'ana bambo ake, kuyang'ananso foni. Mphindi zinayi zinapita, zisanu. Mayi Saumu mtima unali m'mwamba koma sanawafulumize, chifukwa anadziwa kuti mukawafulumiza bambowa ndi pamene amachedwa dala. Pomaliza bambo Nasiri anagwira mwendo wa mbuzi, anauona kuti walefuka, ndipo anacheka kampata pamimba.

Tasneem analowetsa dzanja. M'buku zonse zimakhala pamalo pake, chilichonse ndi mtundu wake ndi dzina lake pambali. M'mimba mwa mbuzi munali motentha, moterera, ndipo zonse zinali zofanana. Anakoka thumbo lina, analibweza, anakoka lina.

"Mhamha, handisi kuona," anatero m'Chishona, mawu atachepa. "Koyambira sindikukupeza."

"Suntha."

Mayi Saumu anapinda dzanja la diresi lawo la Idi, analowetsa mkono mpaka m'chigongono, natsinzina. Anadutsa chifu chachikulu, anakhudza chifu chomaliza choterera chija, anachitsata mpaka pamene chimathina ngati pakamwa pa thumba lomanga, ndipo kuseri kwa pothinapo anagwira chimene ankafuna. Anakokera panja thumbo lotuwa, anamanga uku ndi uku ndi ulusi wosokera kuti zam'katimo zisatayike, nati, "Dula apa." Tasneem anadula. Analowetsanso mkono, kutulutsa la pakati. Analowetsa kachitatu, anatsata mpaka pamene laling'ono limakumana ndi lalikulu, kutulutsa la kothera. Sanatsegule maso mpaka lachitatulo litatuluka.

Kachidutswa komaliza kanatsalira m'manja mwawo pamene Tasneem ankatsegula botolo. Kanali kofunda, kakuchucha zobiriwira, ndipo beseni la madzi oyera linali pomwepo, pafupi ndi phazi lawo. Dzanja linayamba lokha kupita kubeseni. Analibweza, naponya kachidutswako mu botolo kali ndi ndowe zake.

"Maiwe!" anafuula mayi Mazvita, manja ali m'chiuno. "Mai Tasneem, ndinu nomwe? Lero ndaona. Mwayamba kusunga ndowe mu botolo ngati achaar wa mango?"

Amayi onse anaseka chikhakhali. Mayi Saumu makutu anawatentha, koma anangofunsa mwana wawo kuti papita mphindi zingati.

"Khumi ndi imodzi, mhamha."

"Zakwana?"

"Sindikudziwa. Tiona."

Tsiku limenelo anatsuka zam'kati za mbuzi zisanu ndi imodzi, ndipo amene analipo akuti sanawaonepo akupala mwaukali choncho.

Mlungu wotsatirawo unali wautali. Magetsi anazima kawiri ku koleji. Tasneem amachoka m'mamawa, kubwera madzulo, ndipo akafunsidwa amangoti nyama ikadali mu phula. Lachiwiri la mlungu winawo bambo Alufandika anatumiza uthenga woti amake Tasneem abwere adzaone okha. Sananene kuti zili bwino kapena ayi, ndipo mayi Saumu anakwera makombi awiri ali ndi mantha ngati woitanidwa kubwalo la milandu.

Labotaleyo inali chipinda chozizira chonunkha mankhwala. Bambo Alufandika anawaonetsa kaye ntchito yawo, chifukwa mmisiri sangalole mmisiri mnzake adutse osaona zida. Anawaonetsa kachidutswa kaja kali m'kati mwa phula loyera, ndi makina a chogwirira chozungulira amene amacheka phulalo mopyapyala kuposa khoko la anyezi. Anatola kachidutswa kamodzi kochekedwako ndi burashi, anakayandamitsa pa madzi ofunda kuti kawongoke, nakanyamula ndi galasi. Mayi Saumu anayang'anitsitsa manja a bambowo ndipo anawapatsa ulemu mumtima, poona kuti nawonso ndi munthu wosafuna zachidule.

Kenako Tasneem anawakhazika pa mpando wautali kutsogolo kwa mayikulosikopu. Anaika galasi loyamba. Mayiwo anaika diso, sanaone kanthu koma kuwala, mpaka mwanayo anagwira chala chawo chong'ambikacho n'kuchiika pa kachitsulo kozungulira, kuwathandiza kupotokola pang'onopang'ono. Panaoneka mzere wofiirira, wosalala, ndipo pamwamba pake panali mbee, popanda kalikonse.

"Awo ndi otsuka aja," anatero bambo Alufandika. "Ntchito yanu imeneyo."

Tasneem anachotsa galasilo naika lina. Mayi Saumu anapotokola okha ulendo uno, ndipo mwadzidzidzi anagwira m'mphepete mwa tebulo. Pamwamba pa mzere uja panali pataima tinthu tambirimbiri tonga zala, tothithikana, tatitali, tofiirira, m'mphepete mwake muli timadontho takuda tondandalikana bwinobwino. Apo ndi apo panali timatumba toyera tozungulira.

"Tizalato ndi timene timayamwa chakudya, mhamha," anatero Tasneem, akusankha mawu a Chichewa mosamala. "Kadontho kalikonse ndi selo imodzi. Timatumba toyerato timapanga zoterera zija, kuti chakudya chisakande khoma. Pansipo, onani, pali timaenje, ndi mmene timabadwira tatsopano. Tizalati tikatha, mbuzi ikhoza kudya tsiku lonse koma n'kumaondabe."

"Zonsezi zili m'zoterera zija?"

"Zonsezo."

Mayi Saumu anakhala nthawi yaitali diso lili pamakina. Anayesa kuwerenga tizalato, anafika makumi anayi, nasokonezeka. Zaka makumi atatu akhala akupala zimenezi ndi supuni n'kukhuthulira m'ngalande, kuzitcha zonyansa, osadziwa kuti Mulungu anazikonza mwaluso chotere. Sanamve chisoni kwenikweni, popeza munthu sangadye matumbo osatsuka, koma anamva kuchepa, ndipo kuchepako kunali kokoma.

Osachotsa diso, anafunsa chimene anabwerera. "Bambo Alufandika, musandizungulitse. Zatheka kapena sizinatheke?"

"Nsonga zonse zilipo, mayi. Koyambira, pakati, kothera, zonse zitatu. Aphunzitsi ake aona dzulo, afunsa kuti mbuziyi anaipeza kuti. Mwanayu alembe basi, amaliza ndi anzake."

Apo mayi Saumu anachotsa diso pamakina chifukwa sankaonanso bwino. Anapukuta misozi ndi nsonga ya mpango, nati Alhamdulillah katatu. Tasneem anawagwira paphewa, ndipo sanachotse dzanjalo msanga.

Bambo Alufandika anatsokomola, natenga timagalasi tiwiri tija. Anati labwinolo alisunga m'bokosi lophunzitsira, kuti ana a zaka zikubwerazi aziphunzirirapo, ndipo akufuna kulembapo dzina la amene anatola, ngati mayiwo alola. Loyera lija analiloza kubini.

"Limenelo mukulitayiranji?" anafunsa mayi Saumu.

"N'lopanda kanthu, mayi."

"Ndiye lisungeni pambali pa linzakelo. Ana aziyamba kuona limenelo, adziwe zimene zimachitika munthu akauzidwa n'kusamva." Anakonza mpango wawo, anatsika pa mpando wautali uja, ndipo kunyada kwawo kwa masiku onse kunabwerera. "Ndipo dzina langa mulembe pa onse awiri. Munanena nokha kuti oyera chotero simunawaonepo."

Tasneem anamaliza ndi anzake, ndipo tsopano amayendera alimi a mbuzi kunja kwa tawuni. Mayi Saumu akadali pansi pa mtengo wa mapeyala, akutsukuluzabe katatu, ndipo mayi Mazvita sanaleke kuwafunsa ngati achaar uja wapsa. Chimene chinasintha n'chaching'ono, mwina simungachione. Akatembenuza thumbo loyamba m'mawa, asanatenge supuni, amayendetsa kaye chala chachikulu pa zoterera zija pang'onopang'ono, ngati akupereka moni. Akatero amatenga supuni n'kupala.